Krav Maga: mafunso ndi mayankho pa luso la asilikali, apolisi ndi anthu wamba

Mavidiyo ake sasowa pa YouTube ndi pa Facebook. Munthu amuloza mfuti pamphumi, kuphethira kamodzi mfuti ija ili m'manja mwake, wachifwamba ali gada pansi. Ena amaonera n'kukhulupirira zonse, ena amangoti ndi zam'filimu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera ku mbali zonse ziwiri.

Kodi Krav Maga n'chiyani?

Ndi luso lomenyana ndi kudziteteza ndi manja ndi miyendo lomwe linakulira m'gulu la asilikali a ku Israel, kenako n'kufalikira kwa apolisi, alonda ndi anthu wamba m'mayiko ambiri. Si masewera. Ilibe woimbira, ilibe mapointi, ilibenso kayendedwe koloweza pamtima kamene a karate amaonetsa atandandalika pamzere. Imayankha funso limodzi: munthu akakuukirani mwadzidzidzi, muchite chiyani kuti zithe msanga inu mudakali ndi moyo?

Mfundo zake n'zochepa. Kutchinga ndi kubwezera kuzichitika nthawi imodzi. Menyani malo ofewa: maso, mmero, pakati pa miyendo, mawondo. Yambirani pa zimene thupi limachita lokha likadzidzimuka. Mukayamba musalekeze mpaka mpata wochokapo utapezeka.

Anaiyambitsa ndani?

Imi Lichtenfeld, Myuda yemwe anabadwira ku Budapest mu 1910 koma anakulira ku Bratislava, mzinda womwe lero ndi likulu la Slovakia. Za upolisi anazipeza pakhomo. Bambo ake, a Samuel Lichtenfeld, anali mkulu wa apolisi ofufuza milandu mumzindawo, ndipo anali ndi nyumba ya masewera olimbitsa thupi yotchedwa Hercules, komwe ankaphunzitsanso apolisi anzawo kagwiridwe ka munthu wovuta. Imi anakulira m'nyumba imeneyo. Mu 1928 anapambana mpikisano wa achinyamata wa masewera ogwetsana m'chigawo cha Slovakia, chaka chotsatira n'kupambananso wa akuluakulu. Nkhonya nazo ankaziponya bwino.

Chapakati pa zaka za m'ma 1930, magulu odana ndi Ayuda anayamba kulowa m'madera a Ayuda ku Bratislava n'kumamenya aliyense amene akumana naye. Imi anatsogolera anyamata anzake a nkhonya ndi ogwetsana kuti azilondera deralo, ndipo ndi komwe anaona kuti luso la m'bwalo la mpikisano silikwanira pamsewu. M'bwalo mdani amakhala mmodzi, wolemera mofanana nawe, ndipo belu likalira amaima. Pamsewu amabwera atatu, wina ali ndi mpeni, wina chitsulo. Ukagwetsa mmodzi n'kumupanikiza pansi monga amachitira ogwetsana, anzake aja akukuponda m'mutu.

Mu 1940 anathawa pa sitima yakale ya pamtsinje wa Danube yotchedwa Pentcho, yomwe inakasweka pa nyanja ya Aegean. Atazungulira, n'kugwirako ntchito ya usilikali pansi pa ulamuliro wa a Britain kumpoto kwa Africa, anafika ku Palestine mu 1942. Kuyambira 1944 ankaphunzitsa magulu a nkhondo a Ayuda a Haganah ndi Palmach, ndipo dziko la Israel litakhazikitsidwa mu 1948 anakhala mphunzitsi wamkulu wa zolimbitsa thupi ndi Krav Maga m'gulu la asilikali. Anamwalira mumzinda wa Netanya ku Israel mu January 1998 ali ndi zaka 87.

Akuti ndi kasakaniza. Anatenga chiyani, kuti?

Zibakera ndi kaimidwe anazitenga ku nkhonya. Kugwira, kukoka ndi kugwetsa anazitenga ku masewera ogwetsana. Pambuyo pake munalowa zogwetsa za judo, zopotokola mkono za aikido ndi mateche ena a karate. Wophunzira wake Eli Avikzar, yemwe anali woyamba kulandira lamba wakuda kwa Imi mu 1971, ndi mmodzi mwa amene anabweretsa za aikido ndi judo. Masiku ano masukulu ambiri anaonjezera zomenyana pansi za jiu-jitsu ya ku Brazil komanso mawondo ndi zigongono za Muay Thai ya ku Thailand.

Choncho chatsopano mu Krav Maga si chibakera kapena theche. Ndi kasankhidwe. Imi anali ndi vuto limene mphunzitsi wa karate analibe: asilikali ake anali anthu osiyanasiyana, aafupi, onenepa, achikulire, amayi, ndipo nthawi yowaphunzitsa inali masabata owerengeka. Chilichonse chofuna zaka kuti munthu achidziwe anachitaya. Anasunga zimene munthu wotopa, wamantha, wovala nsapato zolemera angathe kuzikumbukira.

Zinachoka bwanji kwa asilikali kufika kwa apolisi ndi anthu wamba?

Imi atapuma usilikali mu 1964 anatsegula malo ophunzitsira ku Tel Aviv ndi ku Netanya, n'kuyamba kusintha maphunzirowo kuti ayenerane ndi apolisi komanso anthu wamba. Mu 1978 iye ndi ophunzira ake anakhazikitsa bungwe loyendetsa lusoli ku Israel. Mu 1981 gulu la anthu a ku America linapita ku Wingate Institute, sukulu ya zamasewera ya pafupi ndi Netanya, kukachita maphunziro a uphunzitsi. Mmodzi mwa iwo, Darren Levine, yemwe anadzakhala loya woimira boma pa milandu ku Los Angeles, ndi amene anaifalitsa kwambiri ku America, ndipo nthambi zambiri za apolisi kumeneko zinatengako mbali zina n'kuziika m'maphunziro awo.

Ndiye wapolisi ndi munthu wamba amaphunzira zofanana?

Ayi, ndipo ngati pali yankho limodzi loti muligwire pa tsamba lino ndi ili. Dzina ndi limodzi koma zolinga n'zitatu. Msilikali akufuna mdani asadzukenso, kapena apeze mpata wobwerera ku mfuti yake. Munthu wamba akufuna kukafika kunyumba. Wapolisi akufuna kufikitsa woganiziridwayo kupolisi ali moyo, manja ali mu unyolo, mafupa ali athunthu, chifukwa mawa adzafunsidwa kukhoti.

Titenge chinthu chimodzi: munthu wakugwirani malaya pachifuwa, dzanja lina wakunga chibakera. Munthu wamba amaphunzitsidwa kutchinga, kumenya kawiri katatu, kudzimasula, kenako phazi thandize. Akathawa wapambana. Wapolisi kuthawa sangathawe, chifukwa ntchito yake ndi munthu yemweyo. Ndiponso m'chiuno mwake muli katundu: ndodo, unyolo, mwina mfuti. Ndewu iliyonse imene wapolisi wonyamula mfuti alowamo imakhala ndi mfuti mkati, ngakhale winayo atabwera chimanjamanja. N'chifukwa chake maphunziro a apolisi amathera nthawi yambiri pa kaimidwe kobweza mbali ya mfuti kumbuyo, kukanikiza dzanja la munthu amene wagwira chikwama cha mfuti kuti isasololoke, kugwetsa munthu awiriawiri, wina kumtunda wina kumiyendo, ndi kumanga unyolo munthu akukana.

Ndiye pali muyeso wa mphamvu. Malamulo a khalidwe la apolisi amene bungwe la United Nations linavomereza mu 1979 amati mphamvu igwiritsidwe ntchito pokhapokha pakufunikiradi, komanso pa mlingo umene ntchitoyo ikufuna. Wapolisi amayamba ndi mawu, kenako kugwira, kenako kupotokola mkono, ndipo munthu akangogonja iye ayenera kutsikanso. Kutosa maso kumene msilikali amaphunzira, kwa wapolisi ndi mlandu, pokhapokha moyo wake uli pachiswe.

Gawo loopsa kwambiri pa ntchitoyi limabwera ndewu itatha. Munthu wogonekedwa chafufumimba, manja kumbuyo, wina atamutsamira pamsana kapena pakhosi, amalephera kupuma. Imfa ya Eric Garner ku New York mu 2014 ndi ya George Floyd ku Minneapolis mu 2020, onse awiri atapanikizidwa pansi ndi apolisi, sizinali za Krav Maga, koma zinachititsa aphunzitsi ambiri a apolisi kuonanso zimene amaphunzitsa. Maphunziro abwino amati unyolo ukangotsekeka, chokani pamsana pa munthuyo, mugonekeni chammbali kapena mukhazikeni tsonga. Mphunzitsi amene amanyadira kuti amaphunzitsa aliyense "zenizeni za asilikali" sakuthandiza wapolisi, sakuthandizanso mayi wochokera kuntchito madzulo.

M'kalasi mumachitika zotani?

Mumayamba ndi kuthamanga ndi kudumpha mpaka thukuta kamukamu. Kenako kumenya ndi kuponda mapilo olimba amene mnzanu wagwira. Kenako vuto la tsikulo. Tinene kuti lero ndi kukanyangidwa pakhosi kuchokera kutsogolo. Mnzanu akuikani manja onse awiri pammero. Mphunzitsi safuna kuti muiwale zimene thupi lanu likufuna kuchita, chifukwa munthu aliyense akakanyangidwa manja ake amathamangira pakhosi okha. Amangoti manjawo akafika, apindeni ngati mbedza, kokani manja a mnzanuyo mwamphamvu chapafupi ndi zala zazikulu, ndipo nthawi yomweyo phazi likhale likukwera pakati pa miyendo yake. Osati kukoka kaye kenako kuponda. Zonse pamodzi. Zikatero zigongono, mawondo, kuyang'ana ngati kuli wina kumbali, n'kuchoka.

Kumapeto amakutopetsani dala. Mumatseka maso, nyimbo zili phokoso, magetsi azimitsa, ndiye wina akukanyangani kuchokera mbali imene simukuyembekezera. Ena amachitira pakhoma, pampando, pamasitepe, pakati pa magalimoto oimikidwa. Apa m'pomwe wophunzira amadziwa ngati chimene anachichita bwino kumayambiriro kwa kalasi chalowadi m'thupi.

Nanga zolanda mpeni ndi mfuti zija n'zoona?

Njira zake zilipo ndipo amaphunzitsa. Pa mfuti, mfundo ndi yochotsa thupi pamzere wa chipolopolo, kugwira mfutiyo, kumenya mwini wake, kenako kuilanda. Koma zimenezi zimatheka mfuti ikakhala pafupi moti dzanja lifikapo, ndipo wophunzira amauzidwa kuti mfutiyo ikhoza kulira ali mkati molimbirana. Wachifwamba akaima mamita atatu, palibe luso. Akafuna foni, mupatseni foni. Njira zolandazi amazisungira pamene munthu akufuna kukukwezani galimoto kupita nanu kosadziwika, kapena mwaona kuti awombera ndithu.

Mpeni ndi woipa kuposa mmene mavidiyo amaonetsera. M'vidiyo wobaya amabaya kamodzi, mkono n'kuusiya uli wotambasuka kudikira kuti augwire. Wobaya weniweni amakugwira ndi dzanja limodzi, linalo likupita n'kubwerera mofulumira, ndipo ambiri obayidwa amayesa kuti amenyedwa chibakera mpaka ataona magazi. Aphunzitsi oona mtima amachita chonchi: wina amamuveka malaya oyera, mnzake amamupatsa cholembera cha inki m'malo mwa mpeni n'kumuuza kuti abaye ndi mtima wonse. Pakatha masekondi khumi malaya aja amakhala ali mizeremizere, ngakhale wovalayo akhale katswiri.

Apolisi anaidziwa kale nkhaniyi. Mu 1983 Dennis Tueller, wapolisi wa ku Salt Lake City ku America, anaonetsa kuti munthu wa mpeni akhoza kuthamanga mafiti 21, omwe ndi mamita 6 ndi pang'ono, m'sekondi imodzi ndi theka, nthawi yomwe wapolisi amatenga kusolola mfuti ndi kuwombera. Ndiye ganizani za inu amene mulibe kanthu m'manja. Mpando, chikwama, chitseko, chilichonse choika pakati pa inu ndi mpeniwo chimaposa manja.

Bwanji ilibe mpikisano? Kodi chimenecho si chofooka?

Eni ake amati simungapikisane pa kutosana maso ndi kupondana pakati pa miyendo. Zoona. Koma yankho limeneli labisa ulesi wambiri. Jigoro Kano atayambitsa judo ku Japan mu 1882, anapatula njira zoopsa kwambiri kuti ophunzira ake azitha kugwetsana ndi mphamvu zonse tsiku lililonse osavulazana. Zotsatira zake n'zakuti munthu wa judo amadziwa mmene thupi la munthu wokana limamvekera m'manja. Wankhonya naye amadziwa kuti kumenyedwa pamphuno n'kotani, ndipo sasokonezeka nako.

Wophunzira Krav Maga amene wakhala zaka ziwiri akumasula khosi lake kwa mnzake womumvera chisoni alibe chimenecho. Akulu anati mwamuna mnzako ndi pachulu, umalinga utakwerapo. Masukulu abwino amadziwa zimenezi, ndipo amaveka ophunzira magolovesi ndi zoteteza mano kuti amenyane ndithu, mwamuyeso koma moona. Sukulu yopanda gawo limeneli, ine ndingaitche kalasi yolimbitsa thupi basi.

Malamba alipo?

Zimatengera bungwe. Imi anatengera malamba a judo pophunzitsa anthu wamba, ndipo mabungwe ena akadali nawo, kuyambira woyera mpaka wakuda. Ena amasoka zizindikiro pa thalauza kapena malaya: magawo asanu a P (oyamba kumene), asanu a G (opita patsogolo) ndi asanu a E (akatswiri). Asilikali ndi apolisi ambiri salabadira zimenezi. Amachita kosi, amalemba mayeso, amabwerera kuntchito.

Kodi ndi Israel yokha imene inapanga luso lotere la apolisi?

Ayi, ndipo sinali yoyamba. William Fairbairn, wa ku Britain, analowa upolisi ku Shanghai mu 1907, pamene mzindawo unali woopsa zedi, ndipo anaphatikiza jujutsu, nkhonya ndi maluso a ku China kupanga njira yake yotchedwa Defendu. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anaphunzitsa asilikali apadera a Britain ndi America. Ku Japan, mu 1947, akatswiri a judo, kendo, karate, luso la ndodo ndi nkhonya anakhala pamodzi n'kukonzera apolisi luso lotchedwa taiho-jutsu. M'gululo munali Hironori Otsuka, woyambitsa karate ya Wado-ryu, ndi Takaji Shimizu, katswiri wa ndodo. Taiho-jutsu inabadwa ili ya apolisi kuyambira tsiku loyamba, moti cholinga chake n'kugwira munthu osamuvulaza kwambiri. Krav Maga inachita kuchepetsedwa ukali kuti ifike pamenepo, ndipo m'masukulu ena ntchito yochepetsayo sinathe.

Amayi, ana ndi achikulire angaphunzire?

Inde. Ku Israel amayi amalowa usilikali, ndipo lusoli linakonzedwa moganizira munthu wochepa mphamvu. Makalasi a amayi amakhazikika pa kugwidwa mkono, kukokedwa tsitsi, kugwidwa chakumbuyo, kupanikizidwa pansi, komanso kukuwa ndi kukana mokweza, zomwe ambiri zimawavuta kuposa kumenya chifukwa analeredwa kuti asamayankhe mwamwano. Mphunzitsi wanzeru amakumbukiranso kuti mayi kawirikawiri amavulazidwa ndi munthu amene akumudziwa, m'nyumba, osati mlendo wobisala pakhwalala, ndipo pamenepo chofunika kwambiri n'kudziwa kokadandaula ndi kothawira.

Koma tisanamizane: kulemera ndi mphamvu zili ndi ntchito. Munthu wa makilogalamu 50 sagonjetsa wa makilogalamu 100 chifukwa cha kosi ya Loweruka limodzi. Chimene angapeze ndi masekondi awiri kapena atatu odzimasulira ndi kuthawa. Ana amaphunzitsidwa zawozawo: kudzimasula, kugwa osavulala, kuthamangira kwa akulu.

Ndikavulaza munthu podziteteza, lamulo lindiona bwanji?

Ku Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain, monganso m'mayiko ambiri, lamulo limalola munthu kudziteteza, koma ndi mphamvu yoyenerana ndi chiopsezo chimene chilipo nthawi imeneyo. Apa mfundo ija yoti mukayamba musalekeze ikhoza kukugonetsani m'chitokosi. Munthu akagwa pansi, wasiya kumenya, inu n'kumupondabe m'mutu, khoti silidzaona kudziteteza. Akathawa inu n'kumuthamangitsa kuti mukamulange, mwasanduka woukira. Kuitana gulu kuti lithane ndi mbava yogwidwa kale n'kudzitengera lamulo m'manja, ndipo ndi mlandu waukulu. Kuti munaphunzira luso la ndewu sikukupatsani ufulu woonjezera.

Za zida funsani malamulo a komwe muli. Ku Britain, mwachitsanzo, ngakhale kuyenda ndi mankhwala a tsabola opopera m'maso ndi mlandu.

Mabungwe ake achuluka. Loona ndi liti, ndipo mphunzitsi wabwino ndimudziwa bwanji?

Ophunzira a Imi anagawikana, ena iye akadali moyo. Pali Israeli Krav Maga Association, pali International Krav Maga Federation ya mu 1996, pali Krav Maga Global imene Eyal Yanilov anayambitsa mu 2010, pali Krav Maga Worldwide ya Darren Levine, ndi ena ambiri. Aliyense amati mwana weniweni ndi iye. Dzinali lilibe mwini, moti munthu akhoza kuchita kosi ya masiku ochepa, kupachika setifiketi pakhoma, kugula thalauza la asilikali, n'kuyamba kutolera ndalama.

Musataye nthawi ndi mkangano wa mabungwe. Pitani mukaonerere kalasi musanalipire. Funsani mphunzitsi kuti anaphunzira kwa yani, kwa zaka zingati, ndipo anachitapo nkhonya, judo kapena masewera ena omenyana zenizeni. Onani ngati ophunzira akale amaponya chibakera chooneka. Onani ngati woukira m'kalasimo amakana kapena amangogwa yekha. Mvetserani ngati mphunzitsi amakamba za kupewa ndewu, kutsitsa mkwiyo wa munthu ndi mawu, ndi za lamulo. Amene akukulonjezani kuti pakatha mwezi mudzalanda mfuti kwa aliyense, ndalama zanu zilowa m'madzi. Onaninso mmene amasamalira atsopano: sukulu imene anthu amavulala sabata iliyonse ndi yosasamala, si yolimba.

Komwe ndili kulibe sukulu ya Krav Maga. Ndiphunzire pa intaneti?

Amene muli ku Johannesburg, Cape Town kapena London masukulu muwapeza. Komwe kulibe sukulu, vidiyo ikhoza kukuonetsani njira, koma singakukankheni, singakugwireni pakhosi, singakuuzeni kuti chibwano chanu chili pamtunda. Ndibwino kupita ku kalabu ya nkhonya, judo kapena karate yomwe ili pafupi, kumene anthu amamenyana ndi kugwetsana moona. Paja Krav Maga inachokera komweko. Pakatha chaka mukhala mukudziwa kuima, kutchinga mutu, kugwa ndi kudzuka msanga, ndipo mpata wa semina ya Krav Maga ukadzapezeka, zimene adzakuonjezereni, monga za mpeni, za oukira angapo ndi za kuyang'ana njira yotulukira, zidzakhala ndi pokhazikika.